Mng'alu wa m'Nyumba ya Ndaziona

Sendererani pafupi, nkhani iyi si yofuula nayo. Ndi ya akulu anga a Nachisale, ndipo munthu wa ku Mapuloti amene anganene kuti sawadziwa, ameneyo wabwera dzulo.

Ku Mapuloti ndi kuja kuseri kwa tauni, kumene kale kunali minda ya fodya ndi chimanga. Eni mudzi anagulitsa malo n'kusamukira kutali, ndipo lero nyumba zikumera kumeneko ngati bowa wa pa chulu. Ukadutsa Lolemba pali tchire, ukadzabwerera Loweruka pali maziko, mwezi usanathe wina wayanika kale matewera pa chingwe. Tsono nyumba yomangidwa chothamanga imabisa matenda ake kunsi kwa penti, ndipo wogula amadzawadziwa mvula ikagwa.

Apa m'pamene a Nachisale anatchukira. Sanali a boma ayi. Koma nyumba zawo za lendi anamangitsa ataima okha pamsana pa amisiri, ndipo diso limene anatuluka nalo kumeneko silinamizika. Munthu akafuna kugula nyumba kapena kulowamo, ankayamba waitana iwo. Zida zawo mukanaziona mukanaseka: mpini wa tsache, botolo la madzi ndi ndimu. Mpini ankagogodera matailosi, ndipo pamene panali mphako pansi pankadziulula pokha, kulira ngati ng'oma. Madzi ankathira m'bafa kuti aone ngati akulowera ku bowo lake kapena akupita kukacheza kuchipinda. Ndimu ankaliika pakati pabalaza. Likagubuduzika ndiye kuti pansi m'popendekeka. Chinyezi ankachimva ndi mphuno, chiswe ankachipeza ndi chikhadabo. Ife a kwa Chisale penti satinamiza.

Ndiye mutha kumvetsa mmene zinawawawira pamene mkamwini wawo, a Chikadza, anagula nyumba ku Mapuloti komweko osawauza. Anangodzamva mwana wawo Ndaziona akuti, "Amayi, tasamuka, mudzabwere mudzaone." Ndaziona anali woyembekezera, mimba itakula ndithu. Pathupi pake poyamba panapita padera, choncho ulendo uno banja lonse linkamugwira ngati dzira.

M'mawa mwake a Nachisale anafika, zida zili m'chikwama.

Nyumba inali yokongola, zimenezo sitingakane. Malata ofiira, mazenera aakulu, mpanda wa njerwa wautali wokhala ndi waya wa minga pamwamba. Mpandawo ndiwo unali mtima wa a Chikadza. Mlendo aliyense ankayamba wamuonetsa mpanda asanamupatse mpando.

"Mwatiyendera, apongozi," anatero a Chikadza ataima chapatali monga mwa ulemu wake, kapusi ili kumutu poti inali yosavulika ngakhale m'nyumba. "Musadzivutitse ndi zida, nyumbayi ndi yatsopano."

"Yatsopano ndiyo imavuta," anayankha a Nachisale. "Yakale inaulula kale zonse. Amene anamanga ndani?"

Anaitanitsa mmisiri wake, a Bitoni, bambo wamfupi wa pensulo kukhutu, amene ankamanga nyumba ina tsidya la msewu. A Nachisale anayenda patsogolo, a Bitoni pambuyo ngati mwana wolakwa. Soketi ya kukhitchini inkagwedera. Paipi ya pansi pa sinki inkadontha, ndipo wina anaimanga ndi lamba wa chubu. Pa siling'i ya kuchipinda panali banga lachikasu lobisidwa ndi penti yatsopano. Dzenje la suweji linayandikira chitsime mochititsa manyazi.

"A Bitoni, anthuwa mukufuna azimwa chiyani?"

"Malo anachepa, mayi."

"Anachepa ndi malo kapena nzeru? Komabe izi n'chimfine chabe, zipola."

Atabwerera pabalaza m'pamene anauona. Mng'alu wopyapyala ngati ulusi, wochokera pansi pa chitseko cha kumaso, kudutsa pabalaza, kulowa m'kolido, mpaka kukatulukira pa chitseko cha kuseri. Anautsatira panja. Unadula khonde, n'kukakwera mpanda wakuseri kuyambira pansi mpaka pa waya wa minga. Tsono amene amadziwa nyumba akuuzani kuti mng'alu umayenda mokhotakhota, umatsata mizere ya njerwa ngati masitepe. Uwu unali wowongoka ngati wojambula ndi lula. Ukakumana ndi njerwa, unkaidula pakati.

"Maziko," anatero a Nachisale mosakayika. "Mwaba simenti ya maziko."

"Mayi, ndilumbire pa ana anga. Maziko a nyumba iyi ndinathira ngati a tchalitchi."

A Nachisale anatsegula chikwama chawo. Anatulutsa ndimu n'kuliika pansi, pafupi ndi chitseko cha kumaso. Linakhala kaye. Kenaka linayamba kugubuduzika, pang'onopang'ono, pamwamba penipeni pa mng'alu. Chinthu chotsetsereka chimawonjeza liwiro, koma ili ayi. Linayenda mwa kayendedwe kamodzi, likafika pena n'kuima ngati likudikira wina, kenaka n'kuyambanso. A Bitoni anagwada n'kuika levulo yawo pansi. Kathovu kake kanali pakati penipeni. Anaitembenuza, kanali pakati pomwepo.

Ndimu linatha kolido yonse n'kutuluka panja.

"Watsegula chitseko cha kuseri ndani?" anafunsa a Nachisale.

"Chimatero, amayi," anatero Ndaziona. "Dzuwa likangopendeka, cha kumaso ndi cha kuseri zimatseguka zokha. A Chikadza akuti ndi mphepo."

"Ndi maloko otchipa," anatero a Nachisale, naponya diso kwa a Bitoni. Anatuluka kukatola ndimu lawo. Anafunafuna pakhonde, m'maluwa, m'tsinde mwa mpanda. Silinapezeke. Analamula kuti mng'alu ugobedwe, uthiridwe simenti yamphamvu, ndipo anapita kwawo akudziuza kuti nyumba imeneyi aithetsa ngati zinzake zonse.

Atabweranso, simenti ya a Bitoni inali itatuluka yonse. Sinagumuke zibenthu ayi. Inangokhala fumbi losalala m'mbali mwa mng'alu, uku ndi uku, ngati wina wasesa ndi kutsuka njira. Ndaziona anali pakhonde, tsache m'manja, akuunjika masamba.

"Iwe, ndi mimba imeneyo ukusesa chiyani?"

"Ana a kuno ndi amwano, amayi. M'mawa uliwonse timapeza masamba aawisi pageti. A Chikadza amawatentha, mawa lake apezekanso."

A Nachisale anatola nthambi imodzi. Anali masamba a msuku, othyoledwa kumene, utomoni usanaume. Anayang'ana uku ndi uku. Ku Mapuloti mtengo wa msuku ungaupeze kuti? Mitengo yonse inathera m'mauvuni a njerwa. Anaiponya nthambiyo pansi n'kutembenukira kwa Ndaziona, pakuti nkhope ya mwana wawo inali itawauza kale kuti pali china.

"Yankhula," anatero.

Ndaziona anakhala pa mpando mosamala, n'kuika dzanja pamimba.

"Kusikelo akuti zonse zili bwino. Ndikakhala kumeneko mwanayu amandimenya ngati ali m'bwalo la mpira, anamwino mpaka kuseka. Ndikakwera minibasi, chimodzimodzi. Koma ndikangolowa m'nyumba muno, zii. Poyamba ankangokhala chete masana okha. Dzulo wakhala chete kuyambira masana mpaka kucha. Ndinagona ndikumvetsera, amayi. Uja woyamba anayambanso choncho."

A Nachisale si munthu wa misozi. Anamukonza mwana wawo mpango kumutu, n'kunena kuti, "Uyu sapita kulikonse. Nyumba imene ine ndaigogoda ndi mpini wanga sinandigonjetsepo. Khala panja pompano, usalowe, ndikubwera."

Anatuluka pageti kuti akagule tomato kwa mayi wina wa benchi pangodya, koma chenicheni ankafuna mphepo yoti aganizire. Dzuwa linali litayamba kupendeka. Msewu wa fumbi unali wopanda munthu, kupatula bambo wina wachikulire amene ankabwera pa njinga chakumtunda. Njinga yake inali ya zakale zija, yakuda, ya mabuleki a ndodo. Anavala jekete yotuwa ndi chipewa cha mlaza.

Asanafike pa mpanda wa a Chikadza, bamboyo anatsika. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, nayamba kukankha njinga mwakachetechete. Atafika pamene panaima a Nachisale anawerama pang'ono.

"Pepani, mayi."

"Pepani wa chiyani, bambo?"

"Zovutazi." Analoza ndi chibwano ku geti. "Kodi anyamuka?"

"Ndani?"

Bamboyo anawayang'ana ngati munthu wofunsidwa chinthu chimene ngakhale mwana amachidziwa.

"Anthu atopa, mayi. Katundu ameneyu salemera akamayenda. Amalemera akaima."

Anapitiriza kukankha njinga yake mpaka pamene mpanda unathera. Pamenepo anavala chipewa, n'kukwera, n'kumapita.

A Nachisale anafika pa benchi ya tomato. "Abambo a njinga aja ndi a kuti?"

"Ati, amayi?"

"Adutsa pompano, a chipewa cha mlaza."

Mayi wa tomato anasuzumira msewu, kumtunda ndi kumunsi. "Ine ndakhala pano chiyambire m'mawa. Zadutsa ndi ngolo ya mchenga ndi galu basi."

A Nachisale sanagule tomato. Anabwerera n'kuima pageti, pamene panatsala masamba angapo amene Ndaziona sanasese. Anawayang'ana bwino tsopano. Sanali omwazika ngati zinyalala. Anali oyalidwa mzere mopingasa khomo, nthambi pambali pa inzake. Iwo, mayi wa Mvano, amene aperekeza maliro osawerengeka, amene amakalipira madalaivala othamanga pa masamba, n'kulephera kuwerenga masamba pakhomo pa mwana wawo. Tonsefe timadziwa: masamba aawisi akayalidwa panjira, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa wailesi amatsitsa. Koma ndani amayembekeza zimenezo pa geti la nyumba ya matailosi?

Analowa, n'kukaima pa chitseko cha kuseri. Anatsinzina diso limodzi monga amachitira poyesa khoma, n'kutsatira mng'alu kudutsa khonde, kukwera mpanda. Pamwamba pa waya wa minga, pakati pa madenga a malata onyezimira, panaoneka kankhalango kakuda bii, mitengo yachilengedwe yokhayo imene inatsala m'dera lonselo. Palibe wowotcha njerwa amene anaikhudza. Anatembenuka n'kuyang'ana mbali inayo, kudutsa m'kolido, pabalaza, pageti. Kutali kumtunda kunali mitengo ya mango ya pabwinja, pamene panali mudzi.

Anaitana a Bitoni.

"Pamene munkakumba maziko, panali kanjira pano?"

A Bitoni anachotsa pensulo kukhutu n'kuibwezanso. "Kanalipo, mayi. Koma kakale, kopanda odutsa. Kungoti udzu sunkamerapo."

"Kopanda odutsa, koma udzu osamera. Inu a Bitoni, mutu umenewu mumangosungiramo pensulo?"

"Eni ake anasamuka, mayi. Akamwalira amaikidwa komwe anapitako. Kumanda kuja sikupitanso munthu."

"Thupi aliika kulikonse," anatero a Nachisale. "Koma munthu amafuna kwawo."

A Chikadza tsiku limenelo anaweruka msanga. Anakhala pabalaza, wailesi ikulira mpira, kapusi kumutu. A Nachisale anaima pakhomo, ndipo poti nkhani inali yolemera anaibweza ku mwambo wakale, woyankhula ndi mkamwini kudzera mwa mwana.

"Ndaziona, uwauze bambo a kunyumba kwakowa kuti mpanda wakuseri ugumulidwe. Pakhale mpata woti anthu awiri adutse mapewa ali pamodzi."

A Chikadza anatsitsa wailesi. "Ndaziona, uwauze amayi kuti mwina sindinamve bwino."

"Uwauze kuti amva bwino. Nyumba yawoyi yakhala pa njira ya kumanda. Anthu akulowa pageti, akudutsa pabalaza pano, akafika kuseri akupeza khoma. Ndiye akumaima m'nyumba muno, katundu ali paphewa. Mwana wa m'mimba amamva zimene ife sitimva. Wakhala chete chifukwa pamaliro sipaseweredwa."

Ndaziona, amene anakhala pakhonde, sanabwereze mawu amenewa kwa mwamuna wake. Sipanafunikenso.

"Apongozi," anatero a Chikadza, tsopano molunjika, "ndimakulemekezani. Koma kuno kuli akuba. Mpanda umenewu ndaumangira mkazi wanga yemweyu ndi mwana yemweyu. Ndiubowole chifukwa cha masamba? Ngati pali zoipa, ndiitana abusa adzapemphere."

"Abusa abwere, ndiwaphikira tiyi ndekha. Koma ngakhale abusa akakumana ndi maliro amapatuka."

A Chikadza anatsegula pakamwa kuti ayankhe.

Wailesi inatsika yokha. Sinazime, inangopita pansipansi mpaka mawu a woulutsa mpira anamveka ngati ali m'chitsime. Chitseko cha kumaso, chimene chinali chotsekeka theka, chinatseguka mpaka kukhoma mosagunda. A Nachisale anapezeka atapatuka okha, msana uli kukhoma. Kumapeto kwa kolido loko wa kuseri anati kwete. Kunalibe mphepo. Makatani anali chilili. Koma pabalaza panadzaza, monga mumadziwira kuti m'chipinda mwalowa anthu ngakhale mutatsinzina. Munamveka fungo la utsi wa nkhuni zogonera usiku, ndi la dothi lofukulidwa kumene.

Pakhonde, Ndaziona anagwira mimba ndi manja onse awiri, milomo itayera.

Zinatenga nthawi yaitali bwanji, palibe anganene. Wailesi itabwerera, a Chikadza anapezeka ataimirira pambali pa sofa, mutu uli pansi. Anayang'ana m'manja mwawo. Munali kapusi yawo, ataigwira pachifuwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"A Bitoni," anatero a Chikadza, "hamala yaikulu muli nayo?"

Usiku umenewo Ndaziona anakagona kwa amayi ake, koma ngakhale kumeneko mwana anangogwedezeka kamodzi, mofooka. M'mawa a Nachisale anamubweretsanso. Ena akanati akhale komweko, koma iwo anati mwana ayenera kumva yekha kuti nyumba ya bambo ake yapepuka, apo ayi adzaiopa moyo wake wonse.

A Bitoni anagumula khoma pamene panali mng'alu. Akuti njerwa zake zinkangogwa zokha ngati zinatopa kale. Masamba a m'mawawo a Nachisale analetsa kuwatentha. Anawatola onse, n'kusesa kanjira kochokera pageti, kokhotera kumbali kwa nyumba, pakati pa khoma ndi mpanda, mpaka kukafika pa mpata watsopano. M'mbali mwake anayala masambawo, nthambi apa, nthambi apo.

"Nanga adziwa bwanji kuti akhote?" anafunsa a Chikadza.

"Maliro sayenda opanda wotsogolera," anatero a Nachisale.

"Atsogolere ndani?"

"Mukuona wina pano?"

Ndaziona anamutsekera kuchipinda cha kumapeto, makatani otseka, poti woyembekezera saona maliro. Zitseko zonse anakhoma ndi makiyi. A Chikadza ndi a Bitoni anawakhazika pansi pafumbi, kumbali kwa geti, monga amakhalira amuna pasiwa. A Nachisale anamanga mpango, anavala chitenje pamwamba pa china, anavula nsapato n'kuziika pakhonde. Kenaka anatsegula geti lonse, n'kuima mkati mwake atalipatsa msana.

Dzuwa linapendeka. Ku Mapuloti masana kumakhala phokoso la mahamala, macheka, anyamata oponyerana njerwa. Zonsezo zinayamba kupita kutali. Galu wa nyumba yoyandikana, wouwa ngakhale mthunzi wake, analira kamodzi n'kukhala chete.

Kumbuyo kwawo fumbi linati tswa, tswa. Mapazi opanda nsapato. Ambiri.

A Nachisale sanatembenuke.

"Takulandirani," anatero ndi mawu awo a masiku onse. "M'nyumbamu muli wodwala, simulowamo. Njira yanu ndakonza, ndi iyi. Tiyeni."

Anayamba kuyenda, mwa kayendedwe kaja ka ndimu, akung'ung'udza nyimbo ya maliro chapansipansi. Kumbuyo kunamveka kulira kwa mitengo yonyamulira, kuja imalira ikamasintha mapewa. Wina anatsokomola. Mpweya wozizira unawafika pakhosi, pansi pa mpango.

Atafika pokhotera, pafupi ndi khonde la kumaso, mapazi aja anaima.

A Nachisale nawo anaima. Ndi ngodya ya diso anaona chogwirira cha chitseko chikutsika pang'onopang'ono. Kiyi anali m'thumba mwawo, koma loko anayamba kudandaula. Kuseri kwa chitseko chimenecho kunali balaza ndi kolido, ndipo kumapeto kwa kolido kunali mwana wawo.

Tsono pali mawu ena amene a Nachisale amasungira anthu a lendi osamva, amene amatsuka mbale m'bafa. Ndi amenewo anatulutsa.

"Ndati muli wodwala. Inunso munabereka. Chitsekocho chisiyeni."

Kunali zii.

Chogwirira chinabwerera m'mwamba.

"Zikomo," anatero a Nachisale. "Tiyeni."

Anakhota. Mapazi anakhota nawo. Anadutsa pansi pa zenera la kukhitchini, pambali pa chitsime, mpaka mpata unaoneka patsogolo. Kupyola mpatawo kunali kanjira ka pakati pa mapuloti, ndipo kumapeto kwake kankhalango kaja. Koma tsopano sikanali kutali. Kanali pomwepa, kozizira bwino, ka mthunzi wokoma. Miyendo yawo inali yopepuka ngati ya mtsikana. Anamva kuti palibe chovuta kungopitirira, kukawafikitsa anthu mpaka kwawo, poti ulendo unali utayambika kale. Ndipo kuchokera m'mitengomo kunabwera liwu, osati lofuula, lotchula dzina lawo laubwana, limene ngakhale ine sindinawaitanepo nalo.

Phazi limodzi linali litaponda kale kunja.

Anagwira njerwa yothyoka ya m'mbali mwa mpata, n'kuifinya mpaka inawacheka chikhatho. Ululuwo unawakumbutsa kuti ali ndi mdzukulu woti amulandire. Anabweza phazi. Anapatukira kumbali, n'kugwada, maso pansi.

"Ine ndalekeza pano," anatero. "Kutsogoloku mukukudziwa nokha. Muyende bwino."

Anadutsa. A Nachisale sanakweze mutu, anangoona fumbi likudzuka ndi kugona, udzu wa m'mbali ukuwerama popanda mphepo, mthunzi ukudutsa pa maondo awo pamene kumwamba kunalibe mtambo. Anadutsa nthawi yaitali. Si maliro amodzi amene anali ataima m'nyumba muja.

Womaliza anaima pafupi nawo. Anamva kuti waima. Kenaka kanthu kanagubuduzika n'kudzawagunda pabondo. Linali ndimu lawo, lodzola dothi lofiira.

Mahamala a ku Mapuloti anayambanso kulira. Galu anauwa.

Atadzuka, anapeza a Chikadza ataima chapatali ndi beseni la madzi. Palibe amene anawauza. Mwana wa m'tauni uja, wa mpanda ndi waya wa minga, anakumbuka yekha kuti wochokera kumaliro salowa m'nyumba ya woyembekezera asanasambe. Anafika, anagwada, n'kuika beseni pansi.

"Sambani, amayi," anatero. Aka kanali koyamba kuwaitana choncho.

Anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi. Madzi anakathira pa mpata paja. Kenaka anatsegula chitseko cha kuseri ndi kiyi, n'kulowa. M'kolido munali fungo la penti ndi sopo basi. Anaika ndimu pansi, pamwamba pa mng'alu. Linakhala pomwepo ngati mwala.

Kuchipinda kunali chete. Anaima pakhomo pake, kiyi m'manja, ndipo anandiuza okha kuti pa zonse za tsiku limenelo, apa pokha m'pamene anaopa.

"Amayi?" Anali mawu a Ndaziona, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Amayi, tabwerani mudzagwire."

Analowa n'kuika chikhatho chawo chochekeka pamimba pa mwana wawo. Chinachake chinawamenya kuchokera mkati, kamodzi, kawiri, kenaka mosalekeza, ngati munthu wokhomeredwa m'nyumba amene wakwiya kuti mwachedwa kutsegula.

"Kamenyedwe ka kwa Chisale aka," anatero a Nachisale. "A Chikadza asadzinamize."

A Bitoni anathiranso simenti mu mng'alu, ndipo mpaka lero ili chigwirire. Soketi anakonza, paipi anasintha, dzenje la suweji anakumba lina kutali ndi chitsime, a Nachisale ataima pamsana pawo. Mpata wakuseri sanauikire chitseko. Kageti kakang'ono ka kumaso samakakhoma dzuwa likapendeka. Wakuba sanalowepo, ndipo musandifunse chifukwa chake. Kanjira ka kumbali kwa nyumba palibe amakalimira, koma udzu sumerapo. Mwana anabadwa wamkazi, wonenepa, wa mawu ngati agogo ake.

Masiku ano a Nachisale akaitanidwa kukayendera nyumba, sayamba ndi mpini. Amaima kaye panja n'kufunsa kuti mudzi unali kuti, mitengo yosadulidwa ili kuti. Ogula ena amaseka. Iwo amawasiya aseke.

Tsiku lina, khanda lili kumsana, anaima pageti la a Chikadza dzuwa litapendeka. Chakumtunda kunatulukira njinga yakuda, ya mabuleki a ndodo. Bambo wa jekete yotuwa anayandikira mpanda. Sanatsike. Chipewa chinali kumutu. Podutsa analiza belu kamodzi, n'kumapita akupalasa mosatekeseka.

A Nachisale anayenda mpaka pa benchi ya pangodya.

"Lero ndiye mwawaona abambo a njinga aja?"

"Amayi inu ndi njinga zanu," anatero mayi wa tomato. "Pano sipanadutse munthu."

"Chabwino," anatero a Nachisale. Anawerama n'kuyamba kusankha tomato, akumutembenuza mmodzimmodzi kuti aone kunsi kwake.